Kupemphera Kukundikanika

Okondedwa achemwali a Eneless,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Nathenje. Kuno ku Mitundu tilipo, koma ine ndatopa. Bambo a Mayeso akhala chigonere miyezi inayi, moti fodya ndathyola ndekha. Sabata yatha adokotala anandiitanira pambali. Zimene ananena ndidzakuuzani pamaso, poti eni akewo sindinawauze.

Masiku ano kupemphera kukundikanika. Ndikagwada, mawu satuluka. Nditawadandaulira amayi a Lovemore, mtsogoleri wathu wa Mvano, anandigwira dzanja nati, "Musadzivute, ife tizikupemphererani. Mulungu amamva ngakhale kuusa moyo kwanuko." Kuyambira tsiku limenelo ndikupezako tulo.

Inunso kumpingo kwanuko muziwatchula dzina alamu anuwa. Ngati mukufuna kudzacheza nawo, musadikire mpaka mukolole chimanga.

Ndine mng'ono wanu,
Masozi