Khofi wa Maliro pa Tsiku la Abir

Tanta, Lolemba

Okondedwa alamu anga a Ragaa,

Mtendere ukhale nanu. Muli bwanji ku Kuwait ndi kutentha kumeneko? Bondo lija lasiya kuvuta? Nanga amuna anu a Medhat ndi ana? Ife tilipo, Mulungu akutisunga, koma ine mtima suli m'malo. Kalatayi ndapatsira mnansi wathu amene akukwera ndege mawa, poti pafoni sindingathe, makutu ali ponseponse m'nyumba muno.

Mukudziwa kuti alongo anu a Tharwat anadulidwa chala chakuphazi chifukwa cha matenda a shuga. Dokotala anayang'ana ineyo, osati iwo, n'kunena kuti tikapanda kusintha, chotsatira ndi phazi. Anati shuga yense achoke, ngakhale wobisala mu uchi, m'madzi a nzimbe ndi m'juwisi wa mango. Ndinasesa nyumba yonse.

Bambowo amamwa tiyi atakwinya nkhope, ati anakwatira wapolisi osadziwa. Ndinawagwirapo kwa wogaya nzimbe wapakona atabisala kuseri kwa nyuzipepala, munthu wa imvi! Koma bala linapola, ndipo tsopano amapita okha kumzikiti.

Nkhani ili apa. Lachinayi lapitali anabwera a kwawo kwa Wael, mnyamata wogulitsa mankhwala amene akufuna mwana wathu Abir. Tinkati n'kudzangodziwana, koma azibambo anagwirizana pomwepo, n'kuwerenga pemphero la Fatiha lomangira chinkhoswe. Mayi ake a Wael anaimba nthungululu, n'kufuula kuti abwere sharbati, chakumwa chofiira cha shuga chija, titsekemeze pakamwa.

Alamu, m'nyumba munalibe ngakhale kanjere ka shuga. Mutu unangoti balala. Zogogoda kwa oyandikana nawo sizinandibwerere n'komwe. Manja anangochita zomwe azolowera, ndinafulula khofi wopanda shuga n'kukapereka kwa alendo.

Mayiwo atalawa anaika kapu pansi, n'kufunsa mokweza kuti wamwalira ndani m'nyumba muno, poti khofi wotere timamwera pamaliro. Ati ngati mwana wawo ndi tsoka kwa ife, tikananena ali pakhomo. Ndinayesa kufotokoza za chala chija, ati kodi chala cha amuna anga n'chimene chimamwa khofi wa alendo? Anatola chikwama, ulendo.

Chichokereni alendowo, Abir amangondidutsa ngati kabati. Zikundiwawa kwambiri.

A Tharwat anapita okha kukapepesa, ndipo avomera kubweranso Lachinayi lino. Koma tamvani zomwe anachita alongo anuwo. Analumbira pa dzina la Mulungu, pamaso pa bambo ake a Wael, kuti tambula yoyamba ya sharbati adzamwa ndi iwo, yodzaza, mpaka dontho lomaliza. Anabwerako akuimba mluzu.

Ndikudziwa kuti tambula imodzi sidula phazi. Koma munthuyu mukumudziwa, akalawa sabwerera m'mbuyo. Wayamba kale kufunsa za makeke a paukwati, ati bambo wa mkwatibwi sangakhale ngati mlonda ena akudya. Ndikadzawalanda tambulayo alendo akuona, mayi aja adzati ndawanyozanso, ndiye kuti Abir wasiyidwa. Ndikadzangokhala chete, phazilo ndalipereka ndekha.

Chonde alamu, inu ndi amene munawalera, ndipo padziko lonse amaopa inu nokha. Aimbireni lisanafike Lachinayi. Auzeni angonyowetsa milomo basi. Ngati lumbirolo limasuka podyetsa osauka, ndiphika ndine, ngakhale adze a mumsewu wathu wonse. Musanene kuti ndakulemberani.

Mundiperekere moni kwa a Medhat ndi ana onse. Mulungu akupatseni moyo wautali, akuchotsereni zowawa za m'bondomo. Mutikumbukire m'mapemphero, chifukwa shuga wafika kale. Wagula ndi Abir m'mawa uno, wadzamuika pathebulo pamaso panga, ndipo wodzamusungunula ndine.

Ndine mlamu wanu,
Soheir