Makumba a M'damu Lathu

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Mlongo wanga Esinati anabereka mwana wamkazi, ndipo chipumi ndi chanu chomwe. Chimanga chatikwanira chaka chino. Chigafa cha fodya chinapendekeka ndi mphepo, ndinachichirikiza, komabe ndikamadutsa ndimachigwedeza kuti ndione ngati chalimba. Paja munkati, "Iwe Yosefe, chinthu ukachiyang'anitsitsa chimachita manyazi." Sindinasinthe.

Nkhani yeniyeni ili pa damu lija esiteti ya fodya inasiya kudambo. Inu mutatisiya, ife a m'mudzi tinaikamo nsomba, poti fodya yekha sakutidyetsanso ngati kale. Mukudziwa kuti kuno nsomba tinkaidziwa youma, ya pamsika. Ndavutika kuti ndizizindikire. Mlamba uli ndi ndevu, ndi woterera, ulibe mamba. Chilunguni n'chofiira pachifuwa ndipo chimadya masamba. Makumba ndi otuwa moderako, ndipo ndi amene tikudalira kuti aswane adzaze damu.

Tsono achimwene a Gelesomu, akutunga madzi othirira nazale, anaona nsomba yaikulu ya makumba ikumeza tiana take. Anafika kumudzi akukuwa: "Zikudya ana! Ndaona ndi maso angawa. Nkhuku yomwa mazira timaisunga ife?" Anthu anagwirizana kuti Loweruka tikokole zazikulu zonse ndi ukonde, tiana tipulumuke.

Mtima wanga sunakhale pansi, Amayi. Tikachotsa zazikulu, adzaswa ndani? Tikazisiya, bwanji zikatha ana onse? M'mawa mwake ndinatenga mbedza, koma sindinaiponye. Ndinangokhala pa udzu, pamene madzi ndi osaya, n'kumayang'ana.

Ndinaona tiana tambirimbiri tikuyandama ngati utsi, make ali pambali. Mbalame inadutsa pamwamba. Pomwepo make anayasama, tiana tonse tinathamangira m'kamwa mwake, tokha, popanda kutithamangitsa. Ndinati basi, achimwene ananena zoona. Koma ndinaona kuti nsombayo sikumeza, yangotupa kukhosi. Ndinadikira mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenaka inayasamanso, tiana tonse tinatuluka, tamoyo, tikusambira ngati sipanachitike kanthu.

Amayi, thupi lonse linachita tsembwe. Zinthu zimenezi zakhala zikuchitika pansi pa madzi ife tikungotunga n'kumapita. Mulungu anaganiza bwanji zoika chitetezo cha ana pamalo podyera? Ndinakumbuka tsiku la mvula ya matalala lija munatikwirira tonse m'chitenje chimodzi kumunda, inu msana uli pamtunda, mukuti, "Khalani chete, ikupita."

Ndinakaitana achimwene. Anabwera akunyinyirika kuti ndikuwachedwetsa kuthirira. Ndinaponya kadothi m'madzi, tiana tinalowa. Anati, "Waona?" Ine ndinati, "Dikirani, achimwene, musagwedezeke." Tiana titatuluka, anavula chipewa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndiye kuti m'kamwamo ndi m'nyumba? Tikanapha azimayi osalakwa." Iwo omwe ndi amene anazungulira m'makomo kuuza anthu. Loweruka ukonde sunalowe m'madzi. M'malo mwake anthu anadzaza m'mbali mwa damu kudzaonerera, akunong'onezana ngati m'tchalitchi.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani. Ndikulonjeza kuti mbedza yanga siilowa m'damumo mpaka tianato titakula n'kusiyana ndi amayi awo.

Ndine mwana wanu,
Yosefe