Chitsulo Chitsale Pakhomo

Lachiwiri, pa 9 Sepitembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tiliko. Amayi bondo lija lasiya kutupa, koma ndodo akuikanabe, akuti ndodo ndi ya nkhalamba. Musadabwe ndi mizere yakuda ili kuseri kwa pepalali. Ndi limodzi mwa omwe makina a fotokope alavula m'mawa uno, ndipo ndikulemba nthawi ya nkhomaliro abwana atatuluka. Mukudziwa kuti ine ndi foni sitisiyana, koma nkhani iyi yandikanika pafoni katatu konse. Mukangoti halo, ine n'kuyamba kufunsa za sukulu ya ana.

Lamlungu munandifunsa chifukwa chake achimwene, chifikireni kwanuko miyezi iwiri yapitayo, sananditchulepo, ndipo ndikaimba amati mundiuze kuti agona. Ndinakuyankhani kuti ndi mankhwala. Ndinanama. Ndinanamanso pomwe ndinakuuzani kuti akubwera kwanuko chifukwa cha masitepe a kuno. Masitepewo alipodi, ndipo njinga ya olumala singawakwere, koma aneba athu a pansi anali atavomera kale kuti tisinthane nyumba mwezi ukatha. Chomwe chinawathamangitsa achimwene kuno ndine.

Kuti mumvetse, mundilole ndikufotokozereni masewero athu a Loweruka aja, omwe inu mumati ndi a anthu akuluakulu osowa chochita. Timakumana m'chipinda cha kuseri kwa shopu ya Atelala akatseka masana, pa tebulo lalitali lodulirapo nsalu. Tilipo asanu ndi mmodzi: Atelala eni malo, Aphunzitsi, Anamwino, Amakaniko, achimwene ndi ine. Aliyense ali ndi pepala la munthu wake wa m'nthano. Mmodzi amasimba nkhani, enafe timanena zomwe anthu athu akufuna kuchita, kenako timaponya madayisi kuti tione ngati zitheke. Dziko lonselo analipeka achimwene zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, m'kope lachikuto chobiriwira lodzaza madontho a penti. Muli Anthu a Nkhungu, okhala m'bwalo la Mfumukazi yawo. Sakalamba ndipo safa. Ukawabaya ndi mtengo kapena fupa amagwa ndithu, koma m'mawa mame akatsika amadzuka n'kuyamba kukuseka. Chowapha ndi chimodzi chokha, chitsulo. Wobayidwa ndi chitsulo sadzukanso, pepala lake timaling'amba, ndipo dzina lake palibe amalitenganso.

Ndiye achimwene, mukuwadziwa mmene amakondera malamulo, anati chitsulo chisamalowe m'chipindamo. Ine anandipatsa udindo wa mlonda. Ndimaima pakhomo ndi beseni lapulasitiki, aliyense akafika ndimati, "Mlendo, chitsulo chitsale pakhomo," iye n'kuponyamo makiyi, wotchi, ndi china chilichonse cholira ngwe. Amakaniko ndiwo amatichedwetsa, m'matumba mwawo mumatuluka galaja yathunthu. Tsiku loyamba Aphunzitsi, omwe sangaone chinthu osachipezera cholakwika, anafunsa kuti, "Nanga makina osokera atatuwa ndi a dothi?" Achimwene anakanda mutu, n'kutola nsalu yakale kuwaphimba, amvekere, "Chophimbidwa Mfumukazi sachiona." Tinaseka mpaka misozi, ndipo kuchokera tsiku limenelo lakhala lamulo lachiwiri.

Za kugwa kwawo pamakwerero akupenta nyumba yosanja ija mukuzidziwa, munabwera kuchipatala. Chomwe simunaone ndi mmene anakhalira inu mutabwerera. Miyezi inayi ali chigonere, chinthu chomwe ankandiitanira pafupipafupi si madzi kapena pilo, koma kope lija ndi cholembera. Ankati, "Iwe, auze anthu asandiiwale, Kazembe akubwera." Kazembe ndi munthu wawo wa m'masewerowo, mthenga wa Mfumukazi, wamiyendo yaitali, woti akathamanga udzu suwerama. Ndinkati ndikawaona akulemba, mtima unkakhala pansi, ndikuti munthuyu tili naye.

Loweruka lomwe anati tsopano abwerere ku tebulo, anadzuka m'mawa, kumeta ndevu, kuvala malaya oyera aja munawagulira. Amakaniko ndi Aphunzitsi anabwera kudzawatsitsa masitepe, Anamwino n'kugwira njinga. Ine ndinatsogola kukakonza chipinda. Ndinasesa, ndinachotsa mpando umodzi kumutu kwa tebulo kuti njinga ikwane, ndinagula ndi mabisiketi omwe. Mawu owalandirira ndinali nditawakonza sabata yonse. Koma nditangomva matayala pakhonde, manja anatola beseni okha, ndipo pakamwa panatuluka zomwe pakhala pakutuluka Loweruka lililonse.

"Mlendo, chitsulo chitsale pakhomo."

Poyamba anamwetulira, achemwali. Anapisa m'thumba n'kuponya makiyi m'beseni. Kenako dzanja lawo pobwerera linagwera pa mkombero wa njinga, ndipo ndinaona nkhope ikusintha. Amakaniko anatulutsa kachiseko kaja ka munthu wosowa chonena.

"Makiyi ndi amenewo," anatero achimwene. "Njingayi ndikhoza kutsika n'kukwawa, si patali. Nanga zitsulo zomwe adokotala anandimanga nazo mumsanamu? Mlonda, sipanala uli nayo?"

Ankayankhula ngati nthabwala, koma sizinali nthabwala. Pamenepo munthu wanzeru akanataya beseni n'kumukumbatira m'bale wake. Koma mng'ono wanuyu, wochenjera pa zopusa, anakumbukira lamulo lachiwiri. Ndinathamanga kukasolola nsalu yomwe inali pa makina apafupi, ndi fumbi lake lomwe, n'kuiponya pa iwo. Inaphimba matayala, miyendo, chifuwa, ndipo ngodya ina inakafika kumaso. Ndinafuula ndikuseka kuti, "Chophimbidwa Mfumukazi sachiona!" Ndinkaganiza kuti ndakonza zinthu.

Palibe anaseka. Mawu anachokera pansi pa nsalu, otsika kwambiri.

"Ndivundukule. Sindinafe, ndiponso sindine makina a Atelala."

Anawavundukula ndi Anamwino, n'kuwasasa fumbi pa malaya oyera aja. Achimwene sanandiyang'ane. Anangoti, "Anamwino, pepani, ndibwezeni kunyumba." Madzulo ake ndinagwada pambali pa bedi lawo kupepesa, iwo anayang'ana kukhoma n'kunena kuti, "Sunalakwe. Wangonena zomwe aliyense akuona." Patatha masiku atatu anakuimbirani foni ija. Amayi mpaka lero sakudziwa, amangodandaula kuti masitepe awalanda mwana. Akuluakulu sananame, madzi akatayika sawoleka, ndipo ine ndakhala ndikuwola miyezi iwiri.

Koma chomwe chandilembetsa kalatayi si manyazi anga. Atatha sabata kwanuko, anatumiza uthenga pafoni kwa tonse asanu. Unali waufupi: "Kope lili pansi pa matiresi. Mlonda ndiye akhale wosimba. Kazembe afe ndi chitsulo."

Kwa inu mwina ndi mawu a masewero chabe, ndiye mundimvetsere. Pa zaka zonsezi imfa ya chitsulo yachitika kamodzi kokha. Tinali ndi mnzathu wina, wokonza magetsi, yemwe anamwalira ndi matenda a shuga chaka chachitatu. Sabata itatha maliro tinakumana, n'kumupha munthu wake ndi mkondo wachitsulo kuti wina asadzamutenge. Pepala anang'amba achimwene okha, misozi ili chuchuchu. Pa tebulo lathu munthu akatopa ndi masewero, kapena akasamuka, munthu wake timangomutumiza paulendo wautali. Chitsulo timasungira amene wapita osabwerera. Achimwene akudziwa zimenezi kuposa aliyense, poti lamulolo analemba ndi dzanja lawo. Ndikuopa, achemwali. Ndikuopa kuti munthu amene mukumupatsa tiyi m'mawa uliwonse wadziwerengera kale kwa akufa.

Lamulo lina limati zofuna za mwini pepala sizikanidwa, choncho sindikanatha kunena kuti ayi. Ndinayamba kusimba kuti adani a Mfumukazi asula mkondo wachitsulo kutali kuseri kwa mapiri, ndipo aukweza pa bulu kuti ukaphe Kazembe. Loweruka loyamba ndinagwetsa mlatho. Lachiwiri bulu anadwala m'mimba. Lachitatu kunapezeka kuti wosula uja analakwitsa mpini, mkondo n'kubwerera. Anzangawa onse akudziwa zomwe ndikuchita, ndipo palibe wandifunsa. Amakaniko, munthu woti Loweruka likatha osamenya nkhondo amapita kwawo atakwiya, anatha masana onse munthu wawo akudyetsa bulu wa adani udzu wonyowa kuti asachire msanga. Aphunzitsi anayambitsa mlandu wa msonkho wa pamsewu umene unadya masabata awiri. Mukanationa mukanaseka, anthu a imvi zawo kulimbana ndi bulu wa papepala. Ife timasekanso, koma tikamatola makiyi potuluka palibe amayang'ana mnzake.

Loweruka lapitali zifukwa zinandithera. Ndinati mphepo yamkuntho yatseka njira, ndipo poponya madayisi kuti tione kukula kwake, anagwa moipa, mphepoyo n'kukhala yaing'ono. Lamulo la achimwene ndi loti wosimba sanama pa madayisi. Mkondo unafika pachipata cha bwalo. Atelala, omwe nthawi zambiri amangomvetsera, anavula magalasi n'kunena kuti, "Mwanawe, bulu uja watopa. Ifenso tatopa. Kapena timusiye munthu apite mmene wafunira." Ndinalira pamaso pa onse ngati kamwana.

Anamwino ndiwo anatenga kope lija n'kuyamba kulivundukula kuchokera koyambirira, masamba omwe sitinawawerenge zaka. Anaima pa tsamba lina lomatana ndi linzake chifukwa cha penti, analimatula ndi chikhadabo, n'kuwerenga mokweza: "Wofa ndi chitsulo amatsanzika ndi pakamwa pake, pamaso pa bwalo lonse. Asanatsanzike, mkondo sumukhudza." Pa mnzathu wamagetsi uja sitinalitsate, poti mwini wake anali atagona kale. Ndikhulupirira achimwene analiiwala.

Ndiye pempho langa ndi ili. Muwauze kuti mkondo wafika, ndipo mlonda sakukana kugwira ntchito yake, koma lamulo la tsamba lachisanu ndi chinayi likufuna mwini wake. Pafoni sizitheka, tsambalo likuti pamaso pa bwalo. Amakaniko ati galimoto ilipo, adzabwera okha kudzawatenga tsiku lililonse lomwe anganene, ndipo pakhomo pa shopu akhomapo kale matabwa otsetsereka. Sindikubisirani, ndi msampha, ndipo achimwene adzaudziwa musanamalize kuyankhula. Akhoza kubwera, kunena mawu awiri otsanzika, n'kundiuza kuti baya. Akatero ndidzabaya, ndipo pepala ndidzang'amba. Koma adzakhala atalowa m'chipinda chija, atakhala kumutu kwa tebulo, anthu asanu akuwayang'ana kumaso. Mwina pamenepo lilime lidzawalemera. Kupitirira apo nzeru ndilibe.

Pakadali pano musawasiye okha nthawi yaitali. Mundiuze zoona ngati akudya, ngati akupita kuchipatala ku mafizo, ngati pali chomwe akulemba. Akamakuuzani kuti ali bwino musakhulupirire msanga, banja lathu bodza limeneli timalitha tonse. Kalatayi mukafuna muwawerengere, mukafuna muibise, inu ndi amene mukuona nkhope yawo. Mukandikalipira ndilandira, mwachedwa kale.

Abwana ndawamva akutsegula chitseko, ndilekere pano. Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa chonyamula mlamu wawo kubafa tsiku ndi tsiku osadandaula. Ana muwauze kuti amayi awo aang'ono sanaiwale makrayoni. Amayi akupereka moni kwa nonse, akuti mwana wawo muzimufunditsa miyendo kukazizira, ndipo ine ndinangoti ndiwauza. Atelala, Aphunzitsi, Anamwino ndi Amakaniko onse akuti moni kwa mwini bwalo.

Koma moni wanga kwa achimwene musapereke. Umenewo ndausunga, ndikufuna ndidzawapatse ndekha pakhomo, manja ali opanda kanthu.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Chitsirizira