Njerwa za M'khola la Nkhumba

Phan Rang,
9 Novembala 1994

Okondedwa achimwene a Jakhan,

Ndikhulupirira muli bwino ku Saigon kumeneko. Kuno tilipo, amayi ndi mawondo awo aja basi. Tsiku lolowetsa mafupa a bambo mu kut, manda a miyala a kuchikazi kwawo, ladziwika: ndi Lachitatu lomaliza la mwezi uno. Koma ndisanakuitaneni, pali nkhani yoti muimve kwa ine isanakupezeni ndi mphepo.

Kuphiri kwabwera amisiri okonza nsanja za makolo, zija zopembedzeramo milungu. Yaikulu yoyang'ana kum'mawa ili chiimire, ya moto ya denga longa bwato nayonso, koma ya pachipata paja idagwa ife tisanabadwe. Mkulu wa amisiriwo anatiuza pamsonkhano kuti njerwa zamakono sizigwirana ndi zakale. Akuti makolo athu, zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo, ankakwecha njerwa ndi inzake mpaka zisalale, n'kumata ndi utomoni wa mtengo, mwakuti ngakhale nsonga ya mpeni singalowe pakati, pomwe simenti imangoziwononga. Ndiye anapempha kuti aliyense wosunga njerwa za kuphiri azibweze. Ine, ndi pakamwa panga mukupadziwa paja, ndinaimirira n'kunena kuti wotenga njerwa ya mulungu ndi munthu wopanda manyazi. Anthu anawomba m'manja, ine n'kumadzimva.

Sabata yatha mvula inagumula khola lathu la nkhumba. Dothi lomatira litachoka zinaonekera, njerwa zofiira, zazikulu, zopepuka. Ina poitembenuza inali ndi dzanja la wovina losemedwa bwino. Pomwepo ndinakumbukira ngolo ija nkhondo itangotha, bambo akutsitsa njerwa, ine kamwana nditakhala pamwamba, inu muli gone m'nyumba ndi malungo. Mwatsoka azakhali a Thuk, alongo awo a bambo, anali pomwepo atabwera kudzakambirana za mbuzi ya mwambo. Anayang'anitsitsa dzanjalo, kenako anayang'ana ine.

"Mayi wa pamsonkhano uja, koma nkhumba zako zimagona pabwino," anatero.

Nkhani inafika kwa wansembe wamkulu, ndipo m'mawa mwake anatiitanitsa. Ananena mofatsa kuti munthu woika za mulungu pansi pa ndowe za nkhumba sangagone pakati pa makolo, mafupa ake amatsala kunja kwa mpanda wa kut. Kenako anafunsa kuti anatuta njerwazo ndani. Amayi anangowerama. Mukudziwa mmene asamalirira kabokosi kamkuwa ka tizidutswa ta fupa la pamphumi pa bambo chiwotchereni mtembo, kudikira tsiku limeneli.

Achimwene, ndinatchula inu. Ndinati munali mnyamata wosamva, munatuta njerwazo bambo ali kumunda, ndipo iwo anamanga osadziwa kumene zachokera. Bodzalo linatuluka losalala ngati ndinachita kuliyeserera. Azakhali n'kundithandiza osadziwa:

"Ameneyo n'zosadabwitsa. Si uja anakwatira mkazi wa mtundu wina? Kut ya amayi ake inamutsekera kale, palibe chimene wataya."

Wansembe anavomera. Chikundidya n'chakuti mawu a azakhaliwo ndi omwe ndinaganiza mumtima ndisanatsegule pakamwa. Ndinatenga bala lanu lakale n'kubisalamo. Ndili ndi manyazi oti sindingathe kuwalemba onse.

Njerwa tabweza, tinasenza pamutu ine ndi anzanga awiri. Amisiri anakondwera nalo dzanja lija, akuti wovina wosemedwa pakhomo la nsanja yakugwayo ndiye mwini wake, ndipo linakwana ndendende. Tsopano bambo aloledwa kudzalowa mu kut. Koma dzina lanu lili m'kamwa mwa mudzi wonse, ndipo wansembe akuti mukabwera mukagwade pakhomo la nsanja yaikulu n'kupepesa pamaso pa anthu. Mukanena zoona sindikutsutsani, koma bambo adzagona kunja. Mukapanda kubwera anthu ati mwathawa, bodza langa n'kukhazikika. Nanenso sindikudziwa chimene ndikukupemphani.

Amayi sanandikalipire, bola akanatero. Dzulo anangotenga mpango woyera umene anakulukirani wa pamwambowu n'kuuika pamphasa panga. Ndautumiza pamodzi ndi kalatayi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Lua. Zaka zonsezi sindinawalemberepo mawu abwino, lero ndadzapulumukira pa ukwati wawo. Ana muwauze kuti agogo awo anali munthu wabwino amene ankangofuna khola lolimba m'chaka cha njala. Basi ya Lachiwiri ndikaidikira kumsewu. Mukatsika osandipatsa moni palibe kanthu, mungondilola ndikusenzereni katundu.

Ine mlongo wanu, ngati mukundiwerengerabe,
Hani