Maselo Anga Akufa, Awo Akukula

Lolemba, 6 Okutobala

Mvula kuyambira m'mawa. Nsapato zanyowa ndikuoloka mlatho, tsiku lonse mapazi ozizira.

Botolo lachisanu ndi chinayi lafa. Kapena ndinene kuti moyo silinakhale nawo n'komwe. Masabata awiri m'chofungatira, kabati yofunda yokuliramo maselo, pansi pa botololo pali mbee. Ndayang'ana pa maikulosikopu mpaka maso kuwawa. Selo ngakhale limodzi.

Ntchitoyi ndimaidziwa. Kung'amba dzino la mwana, kutulutsa kamnofu ka m'kati, kukaduladula, kukaika m'madzi ofiira odyetsera maselo, kudikira. Maselo amatuluka okha n'kumamatira pansi pa botolo. Ku yunivesite ndinachita kambirimbiri, zinkatheka. Pano miyezi itatu, zii.

Maselo a achimwene Khiem, mnzanga wa pantchito pano, akukula ngati udzu. Iwo amagwira mano a akuluakulu, ozulidwa m'tauni muno. Ine mano a ana, ochokera ku kachipatala ka kumudzi, kumtunda kwa mtsinje. Chofungatira chimodzi, madzi amodzimodzi. Nanga kusiyana kuli pati? Manja angawa?

Apulofesa Suong pa msonkhano: "Mu Januwale malo a ntchito atsala a munthu mmodzi. Ndayesetsa, akana." Sanayang'ane aliyense. Koma ogwira ntchito ya maselo mu labu muno tilipo awiri basi, ine ndi achimwene Khiem.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Tsiku la bokosi. Mano amabwera Lachiwiri lililonse masana, pa njinga yamoto, m'bokosi la madzi oundana. Amalandira ndi achimwene Khiem poti amakhala ali pageti kale, kusuta. Sindinaganizepo kanthu za zimenezi mpaka lero.

Ndinali pawindo. Njinga yafika 1:10. Bokosi lafika patebulo panga 1:35. Kuchokera pageti kukwera kuno ndi mphindi zisanu, ngakhale munthu wa mimba ngati yawoyo.

Ndinafunsa mwaulemu. Iwo: "Khofi, mlongo, khofi! Mano sathawa, alibe miyendo." Kenako: "Maselo akowo atengera iwe, manyazi. Akuopa kutuluka."

Onse anaseka. Nanenso ndinaseka. Ndimadana nako kuseka kwanga kumeneko.

Mano atatu. Oyera bwino, ooneka ngati mikanda. Ndawagwira mosamala kuposa kale, magolovesi kusintha katatu.

Lolemba, 13 Okutobala

Mabotolo anga ndinawasiya pashelefu ya pamwamba, kumanzere. Lero ndawapeza pakati. Limodzi lachita chuku, madzi asanduka achikasu, kununkha ngati mpunga wogona. Ndalitaya.

Mwina ndinawasuntha ndekha Lachisanu. Ndinatopa. Koma ayi, ndimaika kumanzere nthawi zonse chifukwa dzanja langa lamanja limakhala litagwira chitseko.

Ndaika kadontho ka inki pa chivindikiro chilichonse, kena pakhosi pa botolo, moyang'anizana. Wina akangopotokola ndidziwa. Ndikulemba izi ndikuchita manyazi. Munthu wa digiri, kutchera misampha ngati wosaka mbewa.

Chakudya cha masana ndadya ndekha pamasitepe.

Lachitatu, 15 Okutobala

Timadontho tasiyana. Mabotolo onse awiri.

Ndinaimirira pamenepo chitseko cha chofungatira chili chotsegula mpaka chinayamba kulira.

Sindinafunse, achimwene Khiem anayamba okha. "Mien, zivindikiro zako umamanga ngati ukutsekera mfiti. Ndakhwefula pang'ono, maselo amafuna mpweya." N'zoona, amafuna mpweya. Ndimadziwa. Koma ndinali nditamanga kwambiri? Sindikukumbukira. Ndipo akanakhala munthu wina akanandiuza kaye, osati kugwira zinthu zanga ine kulibe.

Ali ndi ana awiri, wamkulu akulemba mayeso chaka chino. Zaka zisanu ndi chimodzi mu labu muno, alibe digiri yachiwiri, ine ndili nayo. Ndikanakhala ine ndine iwo, ndikanaopa. Munthu wamantha amachita chiyani?

Kapena ndine amene ndikufuna wolakwa wina chifukwa sindikufuna kuvomera kuti sinditha ntchito. Izinso n'zotheka. Ndaziganizira njira yonse yopita kunyumba.

Lamulungu, 19 Okutobala

Sindinayenera kupita. Amayi anandituma kumsika kukagula nsomba, ndinangopezeka ndakhotera ku labu. Teni koloko m'mawa.

Njinga ya achimwene Khiem pageti.

Ndinakwera mosaponda kwambiri. Pa galasi la chitseko ndinawaona: botolo langa m'manja, alikweza moyang'ana getsi, akulipendeketsa uku ndi uku. Langa. Zolemba zanga pambali pake, ndinazizindikira ndili patali.

Atandiona sanadzidzimuke, kapena amatha kubisa. "Ndabwera kudzadyetsa anga, ndati ndione akowa. Mlongo, pali china chake sichili bwino ndi mano amenewa, osati iwe." Anatulutsa timakeke ta mpunga tokulunga m'masamba, akuti apanga ndi akazi awo. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza. Tili m'chikwama mpaka pano, sindinadye.

"Osati iwe." Bwanji akufulumira kundiuza kumene ndiyang'ane?

Nsomba ndinaiwala. Amayi: "Mutu wako unatsala m'mabotolo mwakomo."

Lachiwiri, 21 Okutobala

Ndanena.

Ndinalowa mu ofesi ya apulofesa ndi pepala: tsiku la bokosi ndi mphindi zake, shelefu, timadontho, Lamulungu. Ndinati sindikuneneza munthu, ndikungopereka zimene ndaona. Bodza. Ndinadziwa chimene ndikuchita.

Anawerenga kawiri. Anavula magalasi. "Ukudziwa kulemera kwa zimenezi, mwanawe?" Ndinati inde. Anati m'labu ina kumene ankaphunzira zoterezi zinachitikapo, ndipo amene anakhala chete ndi amene anavutika.

Ndinatuluka mtima uli myaa. Kwa ola limodzi.

Lachisanu, 24 Okutobala

Achimwene Khiem alandidwa makiyi a chipinda cha maselo, akuti mpaka nkhani iunikidwe. Tsopano akutsuka magalasi ndi kulemba za katundu wofunika kugula. Bokosi sadzalandiranso. Kuyambira Lachiwiri ndizikatenga mano ndekha kumudzi, kuti pasakhale dzanja lina pakati.

Maselo awo ndizidyetsa ine.

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Tinakumana pa sinki, anandipatsa kabuku kawo. "Botolo lachinayi ndi losusuka, uzilisinthira madzi masiku awiri aliwonse. Usandiphere ana anga, mlongo." Anamwetulira koma maso sanandiyang'ane.

Munthu wosalakwa angakhale phee chonchi? Munthu wolakwa angandipatse kabuku kake? Mafunso onse awiri ndawayankha inde, kenako ayi.

Mu labu palibe akuseka. Wailesi imene achimwene Khiem ankaitsegula tsiku lonse yazimitsidwa.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Ndilembe mwadongosolo, mwina ndimvetsa.

Ola limodzi ndi theka pa njinga, matope mpaka m'maondo. Kachipatala ka zipinda zitatu, denga la malata lotsika kumbuyo. Lachiwiri ndi tsiku la mano. Ana pabenchi ndi amayi awo. Namwino wake ndi azakhali Gam, a zaka ngati za amayi anga, mawu aakulu. Aka n'koyamba kuonana nawo. "Ndiwe Mien wa mapepala uja? Ndimayesa ndiwe gogo, kalembedwe kako n'ka nkhalamba!" Anandipatsa tiyi ndi mpando.

Mwana woyamba, dzino la m'munsi logwedera. Adokotala anazula, amayi ake anasaina pepala lathu lovomereza kupereka dzinolo. Ndinatsegula kabotolo kanga ka madzi ozizira, kudikira. Azakhali anatenga dzino lija n'kumuika mwanayo m'manja. Anatuluka naye kuseri. Mwana anaimirira miyendo pamodzi, anaitana khoswe kuti atenge lakale abweretse latsopano, anaponya. Linalira pamalata, ngwe, ngwe, ngwe, kugubuduka mpaka m'chitini cholandira madzi a mvula, chomangidwa m'mphepete mwa denga.

Nanenso ndinaponya anga onse ndili mwana. A m'munsi padenga, a m'mwamba pansi pa bedi. Aliyense anaponya. Sindinaganize. Miyezi itatu, sindinaganize.

Anthu atachepa azakhali anakwera pa mpando, anapisa dzanja m'chitini muja. Masamba owola, ndowe za mbalame, madzi obiriwira. Anatulutsa dzino. Ena awiri anawasesa pansi pa bedi loyezerapo odwala. Onse anawaponya m'kambale ka sipiriti pawindo, momwe amakhala Lachiwiri lililonse mpaka wanjinga abwere.

Sipiriti. Dzino la mwana likamazuka mizu yake imakhala itatha kale, kamnofu kali poyera. Mphindi imodzi ndi yokwana kupha chilichonse. Awa amakhalamo maola awiri.

Ndinafunsa ndi mawu aang'ono. Iwo: "Ndimulande mwana dzino asanaponye? Latsopano limera lokhota amayi ake adzandidya wamoyo. Palibe angasaine pepala lanulo. Ndiye ndinapeza nzeru: mwana aponye, ine nditole, aliyense akondwe." Za sipiriti: "Nditumize zauve kwa anthu ophunzira ngati inu? Mungati kumudzi kuno ndife nkhumba."

Amanyadira. Sanaphonye Lachiwiri ngakhale limodzi, ngakhale madzi atasefukira.

Tsopano chimene sindikufuna kulemba. Mu Julaye apulofesa anandiuza kuti ndipite kumeneku ndikawaonetse namwino kagwiridwe kake, ndi manja, pamaso pawo. Sindinapite. Ndinaopa kukaphunzitsa munthu wamkulu ntchito yake, ine kamtsikana ka dzulodzuloli. Ndinalemba pepala n'kupatsa wanjinga. Apulofesa atafunsa ndinati zatheka. Pepalalo lili pakhoma, alimata bwinobwino ndi pulasitiki. Likunena za madzi oundana, za kulemba tsiku ndi zaka za mwana. Za kuti dzino lilowe m'botolo likangozuka, osakhudza china chilichonse, mulibe. Ndinkayesa n'zodziwikiratu.

Mwana womaliza anali kamtsikana, Bong, zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinapempha. Dzino lake linachoka m'kamwa kulowa m'botolo langa. Analira kuti khoswe amuiwala. Azakhali anavuula lina m'kambale muja, kulipukuta pa epuloni, kumupatsa. "Ponya ili. Khoswe sawerenga maina." Anaponya, anaseka, magazi pachibwano.

Ndawafotokozera azakhali zonse, pang'onopang'ono. Iwo: "Ndiye ana onse aja anapereka pachabe?" Ndinati vuto si lawo. Chimenechi chokha ndiye ndanena choona mwezi uno.

Lachinayi, 30 Okutobala

Sindinauze aliyense.

Apulofesa anafunsa za ulendo. Ndinati msewu ndi woipa.

Lachiwiri, 4 Novembala

Kumudzi kachiwiri. Azakhali asunga mano akale m'kachitini, oponya. Atsopano akulowa m'botolo. Zayenda bwino, mano anayi.

Nditabwerera ndinayang'ana botolo la dzino la Bong. M'mphepete mwa kamnofu, tinthu titatu, tinayi, tataliko ngati timasamba ta nsungwi, tomamatira pansi. Amoyo. Ndinachotsa diso, ndinabwezeranso. Alipo.

Miyezi inayi ndakhala ndikudikira tsiku limeneli. Ndinatseka chofungatira osaitana aliyense.

Ndaona mmene ziti zionekere. Khiem wachotsedwa, maselo a Mien akula. Sindifunika kunenanso bodza lina. Ndingokhala chete, chete yemweyo amene ndimamudziwa bwino, ntchito ndi yanga. Azakhali sadzabwera m'tauni muno kudzafotokoza. Wanjinga sadziwa kanthu.

Ndipo mphindi makumi awiri ndi zisanu zija? Khofi. Zivindikiro? Mpweya. Lamulungu? Anandiuza okha kuti vuto ndi mano. Anandiuza, ine n'kukalemba pa pepala ngati umboni.

Komabe mpaka lero mumtima muli kamawu kakuti mwina anachitadi kanthu, mwina zonse ziwiri n'zoona. Ndikukadziwa kamawu kameneko. Kakufuna malo a mu Januwale.

Lachinayi, 6 Novembala

Apulofesa aona. Maselo adzaza ngodya yonse ya botolo. Anandigwira paphewa, chinthu chimene sanachitepo. "Waona? Tachotsa dzanja limodzi, akula. Unachita bwino kulankhula." Mawa pa msonkhano wa teni koloko alengeza za Januwale, kalata ya achimwene Khiem ipita ku ofesi yaikulu Lolemba. Ikalowa m'faelo mwawo palibe labu ina ingawalembe ntchito m'chigawo chino. Anthu a ntchito imeneyi ndi ochepa, onse amadziwana.

Masana achimwene Khiem anandiimitsa pakhonde, manja onyowa ndi sopo. "Ndamva atuluka. Tandionetsa chithunzi." Ndinawaonetsa pa foni. Anachikulitsa ndi zala, anayang'ana nthawi yaitali. "Okongola, mlongo. Wasintha chiyani?"

Ndinati sindikudziwa.

Anagwedeza mutu pang'ono, anabwerera ku sinki.

Lachisanu, 7 Novembala

Pamasitepe. 9:40.

Ndikanena, atatu tiona manyazi: ine, apulofesa amene anandikhulupirira, ndi azakhali Gam amene dzina lawo limveka pa msonkhano wa anthu osawadziwa. Awo ndiwateteza, ndinena kuti anachita zimene pepala langa linawalola. Za ulendo wa mu Julaye umene sindinapite ndinena ndekha, asanafunse. Zikatero malo a mu Januwale si anganso. Amayi sindinawauze. Dzulo anagula nsalu yoti ndisoketse diresi la chikondwerero.

Ndinaganiza zopita mu ofesi mwakachetechete, ine ndi apulofesa awiriwiri. Koma makiyi anawalanda pamaso pa onse.

Mawu anga amathawa ndikaimirira pagulu. Ndalemba chiganizo choyamba padzanja kuti ndikangochiwerenga. Chachiwiri ndilibe.

Akukoka mipando. Achimwene Khiem adutsa pompano ndi ketulo ya tiyi, ati, "Bwera, mlongo, lero ndi tsiku lako."

Ndiyamba ndi denga.