Pakati pa Msewu

Wokondedwa mwana wa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Kuno kwazizira, ndikufunda mabulangete atatu. Mdzukulu wanga akuti nthunzi yotuluka m'kamwa m'mawa ndi utsi, chifukwa m'mimba mwake muli kamoto.

Dzana tikuwoloka msewu pochokera kusukulu yake, ndinangoima pakati, osadziwanso kuti kwathu n'kuti. Magalimoto anayamba kuliza mahutala. Dalaivala wina anakuwa kuti, "Agogo, pano si pakhonde panu!" Sindinachite manyazi kapena mantha. Mwanayu anandikoka dzanja, amvekere, "Tiyeni agogo, ndi ng'ombe izi, zikulirira chakudya."

Aka n'kachinayi kundichitikira, kuwerenga maulendo okhawo amene ndikuwakumbukira.

Kodi kachipinda kako kaja kakadali kopanda munthu? Mwanayu savuta, koma alibe wina kupatula ine.

Ndine azakhali ako.