Dzina Limene Ndinatchula

Thambani,
Mwanza.
16 Juni 2024

Okondedwa achemwali a Lucia,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana kumeneko ku Mzuzu. Ine kuno ndilipo, koma ndikati ndili bwino ndinama. Ndalemba kalata ngati munthu wamakedzana chifukwa foni yanga simuyankha. Ndaimba kambirimbiri, imangolira mpaka kuduka yokha. Tsiku lina munayankha, koma mutangomva mawu anga munadula. Kalatayi mutha kuing'amba, inde, koma ndikupemphani muyambe mwaiwerenga mpaka kumapeto.

Ndili ndi pakati, achemwali, ndipo mwezi uno ndi wachisanu ndi chimodzi. Mwana wanga Tadala sanakwanitse n'komwe zaka ziwiri, choncho musandifunse kuti zinatheka bwanji, anamwino andikalipira kale mokwanira. Miyendo yayamba kutupa, msana ukuwawa, ndipo chipsera cha opaleshoni ija chimakoka ndikawerama. Amuna anga a Zakeyu ali ku Tete monga mwa masiku onse, kukweza ndi kutsitsa katundu m'mathiraki. Amabwera kamodzi pamwezi. Ndikawadandaulira za kutupaku amangoti, "Uwauze amayi, za azimayi amadziwa ndi iwowo." Ndiye ndatsala m'manja mwa apongozi, ndendende ngati ulendo woyamba uja.

Lachitatu lapitali ndinapita kusikelo. Anamwino atandiyeza anandiuza mosapsatira mawu kuti chifukwa cha chipserachi sindingachirire pachipatala chathu chaching'onochi, ndipo za kunyumba ndisaziganizire n'komwe. Akuti chiberekero chosokedwa chitha kuphulika matenda akakula, ndipo zikatero munthu safika naye kutali. Mwezi wa Ogasiti ukamatha ndiyenera kupita kuboma, ndikakhale kuchidikiro. Kumeneko madokotala akaona okha ngati ndingayesere kubereka ndekha iwo akundiyang'anira, kapena andichite opaleshoni matenda asanayambe. Ine zonsezo ndavomera. Chimene akufuna n'chakuti ndipite ndi munthu wondidikirira, wondiphikira ndi kundichapira. Amayi athu kulibe, mukudziwa. Mkulu wanga ndinu nokha.

Nditawafotokozera apongozi anaseka mpaka kutsokomola. "Mpeni ndi wa alesi ndi achimasomaso," anatero. "Ine ndinabereka ana asanu ndi atatu pamphasa. Ulendo uno ukakhala kuti wadzisunga, mwana adzangotuluka yekha. Achipatalawo tidzawauza kuti wabadwira panjira." Achemwali, ana onse am'mudzi muno amabadwira panjira! Mizu ya mwanamphepo, mankhwala ofulumizitsa matenda aja, anaikumba kale ndipo ikuuma padenga. Alipo enanso amene amandipatsa m'botolo kuti ndizimwa m'mawa uliwonse. Ndimalandira ndi manja awiri n'kuthokoza, kenako ndimakathira kuseri kwa khola la mbuzi. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika.

Koma chimene chandigwiritsa cholembera ndi zimene ndinamva tsiku lasikelolo. Tinalipo ambiri, mzere wautali, ndiye ena tinakhala pansi pa mtengo n'kumaswa mtedza podikira kuitanidwa. Amayi apakati tikakumana mukudziwa mmene zimakhalira, aliyense amatsitsa wake mtolo. Wina amadandaula kuti mwana sanagunde masiku awiri. Wina akuti anamuletsa mazira kuti mwana angabadwe wopanda tsitsi, pamene anamwino akuti azidya. Wina amafunsa ngati n'zoona kuti munthu atha kusankha yekha opaleshoni kuti asamve ululu. Ine ndinamuuza kuti abwere adzaone mmene ndinkayendera sabata yoyamba, chogwada ngati nkhalamba. Amake Smart, amene ali ndi pakati pachisanu ndi chimodzi, anati iwo akakangochira akauza adokotala atseke basi, amuna awo akamva zitachitika.

Panali kamtsikana kena dzina lake Deliwe, ka pakati poyamba, miyezi isanu. Nthawi yonseyi kankangopotokola ngodya ya chitenje. Kenako kanafunsa motsitsa mawu.

"Amayi, ndifunse nawo. Eti n'zoona kuti mwana akamavuta kutuluka amakufunsa amuna amene unayenda nawo? Agogo anga akuti ndikonzekeretu, ndisakabise. Nanga ine sindinayendepo ndi wina aliyense, ndikatchula ndani?"

Amake Smart anaomba m'manja. "Aaa, iwe mwana, imeneyo ndi pulobulemu? Umatchula wakufa! Ine pamwana wanga wachiwiri anandipanikiza tsiku lathunthu, akuti ndi mapinga, ulula. Ndinangotchula mphunzitsi wina amene anali atamwalira mwezi womwewo. Akamufunsa kumanda?"

Onse anafa nazo kuseka. Mayi wina wa kumalire anati iye anatchula dalaivala wa ku Mozambique dzina lake Antonyo, amene sanabadwe n'komwe. "Mpaka lero amuna anga akamva thiraki yachipwitikizi ikudutsa amatukwana Antonyo," anatero. Wachitatu anati anatchula wogulitsa kaunjika amene anangodutsa m'mudzi kamodzi. Ndinawerenga, achemwali: pa amayi asanu ndi anayi amene tinali pamenepo, atatu, osawerengera ine, anafunsidwapo, ndipo onse atatu ananama kuti awasiye.

Ine sindinaseke. Kodi nzeru imeneyi anzanga anaiphunzira kuti, ndipo ine ndinali kuti? Deliwe anandiyang'ana n'kufunsa, "Nanga inu amake Tadala, simunafunsidwe?" Ndinayankha kuti ayi. Ndinanamanso pamenepo. Ndinangomugwira dzanja n'kumuuza kuti matenda akangoyamba athamangire kuchipatala asanauze agogo akewo. Pobwerera ndinalira njira yonse pakabaza, mpaka wopalasayo anaima kufunsa ngati ndadwalika.

Tsopano ndikuuzeni zimene zinachitika pobadwa Tadala, chifukwa simunandifunsepo, ndipo ine sindinakuuzeni.

Matenda anayamba Lachinayi m'mawa. Ndinapempha kuti tipite kuchipatala, apongozi anati nthawi ikadalipo. Anaitana azamba am'mudzi ndi amayi ena awiri, anandimwetsa mwanamphepo, n'kutseka chitseko. Linafika Lachisanu masana mwana asanatuluke. Ululu wake sindingaulembe papepala. Apo m'pamene azamba aja anati, "Apa pali mapinga. Mwana sangadutse njira imene padutsa mwamuna wachilendo. Tchula." Ndinalumbira pa dzina la Mulungu, pa manda a amayi athu, kuti sindidziwa mwamuna wina koma a Zakeyu. Sanamve. Ndinawafunsa chifukwa chake sakufunsa a Zakeyuwo, amene amagona m'malo ogona madalaivala mwezi wathunthu. Apongozi anandimenya kukamwa. Anati galimoto saitana mpaka nditaulula, chifukwa ngakhale kuchipatala munthu wobisa amafa.

Ndinaona kuti ndikupita, achemwali. Maso anayamba kuchita mdima, ndipo ndinkangofuna dzina lililonse lotsegulira chitseko chija. M'mutu mwanga munalibe za wakufa kapena za Antonyo. Munali munthu mmodzi yekha, amene ndinkadziwa kuti akanakhalapo akanathyola chitsekocho n'kundinyamula, monga anandinyamulira kumsana chaka chija ndinadwala malungo ndikukhala kwanu. Ndinkaganizanso kuti ali kutali, palibe angapite mpaka ku Mzuzu kukamumenya. Ndinatchula alamu anga a Kinsley, amuna anu.

Amayi aja anayang'anana n'kugwedeza mitu. Anakumbukira kuti ndili ndi pakati pa miyezi itatu ndinabwera kudzakuonani, ndiye bodza langa linawakwanira bwinobwino. Koma mwana sanatulukebe. Dzuwa litapendeka aneba athu, atatopa ndi kukuwa kwanga, anakaitana pikapu ya kumsika. Kuboma adokotala anati mutu wa mwana unali waukulu ndipo njira yanga ndi yopapatiza, ngakhale ndikanatchula amuna onse a ku Mwanza mwanayo sakanadutsa. Anandichita opaleshoni, Tadala anatuluka wamoyo. Apongozi mpaka lero amauza anthu kuti anapulumuka chifukwa ndinaulula.

Mukukumbukira tsiku munabwera kudzaona khanda, mutanyamula zitenje ndi beseni latsopano. Apongozi anakulandirani pakhonde n'kukufotokozerani zonse, ine ndili pomwepo ndikuyamwitsa. Munandiyang'ana kudikira kuti nditsutse. Sindinatsutse. Apa ndi pamene ndinakulakwirani koposa, ndipo sindikudziikira kumbuyo. Azamba anali atandiopseza kuti ndikabweza mawu aja mapinga adzabwerera kwa mwana, mchombo usanagwe. Ndinali ndi bala losapola, khanda la masiku asanu ndi awiri, ndipo ndinachita mantha. Munaika katundu pansi n'kubwerera ulendo wonse uja osamwa ngakhale madzi.

Komatu nanenso ndili ndi mkwiyo wanga, ndipo ndiunena. Inu munandilera kuyambira ndili sitandade folo. Munandisambitsa, munandiphunzitsa kuvala chitenje, munandiperekeza kubanja. Munakhulupirira bwanji mawu otuluka mwa munthu amene wakhala pamatenda masiku awiri? Inu amene munaberekapo katatu, simudziwa kuti nthawi imeneyo munthu atha kuvomera ngakhale kuti anapha? Sabata imodzi, mwezi umodzi, ndikanamvetsa. Koma pafupifupi zaka ziwiri osandifunsa ngakhale funso limodzi lokha kuti, "Iness, n'zoona?" Zimenezi zimandiwawa kuposa chipsera.

A Zakeyu ndinawauza zoona Tadala atayamba kukwawa. Mukudziwa chimene anayankha? "Ngati unanama tsiku lija, ndidziwa bwanji kuti lero sukunama?" Iwo amati anandikhululukira, ndipo amandikumbutsa za chikhululukirocho nthawi iliyonse tikasemphana, ngakhale nkhani ikhale ya mchere. Ndikawauza za kuchidikiro amati ndikufuna kuthawira kuboma chifukwa pali zina zimene ndikuopa kuulula. Ndanena zoona, sandikhulupirira. Ndinanama, anandikhulupirira onse nthawi yomweyo. Ndatopa, achemwali, ndatopa zedi.

Pempho langa ndi ili. Bwerani kumapeto kwa Ogasiti, mudzanditenge pano ngati mkulu wanga, tipite kuboma. Inu mukaima pakhomo pano apongozi sangakuletseni, chifukwa mwini mbumba akatuma munthu sakanizidwa, ndipo amalume athu avomera kale kuti akutumani inuyo. Ndikapita ndekha apongozi adzanditsatira n'kudzakhala iwo ondidikirira, botolo lawo lili m'chitenje. Ndikatsala kuno mukudziwa kale chipinda chimene ndidzalowe. Sindikupempha kuti mundikhululukire kaye. Mutha kubwera muli chikwiyire, muzidzandiphikira osandiyankhula, ndidzapirira. Chibale ndi fupa, sichiola, ankatero amayi athu, koma ine pano ndikungofuna munthu wondiimira pakhomo.

Ndatsimikiza chinthu chimodzi. Zikakanika, n'kudzapezeka kuti anditsekeranso m'chipinda muja, sindidzatchula munthu, wamoyo kapena wakufa. Adzafunsa mpaka adzatopa.

Kalatayi ndapatsira mkazi wa abusa athu amene akupita ku Mzuzu kumsonkhano wa amayi. Sakudziwa zimene zalembedwamo. Akubwerera Lolemba la sabata yamawa, ndiye ngati simukufuna kuimba foni, muwapatse kapepala ngakhale ka mawu amodzi, eya kapena ayi, kuti ndidziwe poyambira.

Mundiperekere moni kwa ana onse atatu, muwauze kuti amayi awo aang'ono sanawaiwale. Kwa alamu a Kinsley sindikudziwa ngati ndikadali ndi ufulu wopereka moni. Sindikudziwanso zimene munawafunsa mutabwerera tsiku lija, ndi zimene akhala akupirira m'nyumba mwawo chifukwa cha pakamwa panga. Ngakhale mutasankha kusabwera, chonde muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha mzere, amve kuchokera kwa ine kuti sanandikhudzepo, sanandiyang'anepo ndi diso loipa, ndipo ndinawaipitsira dzina chifukwa anali munthu wabwino yekhayo amene ndinamukumbukira.

Tadala akupereka moni. Wayamba kuyankhula, ndipo anthu pachitsime ayamba kumuyang'ana makutu ndi mphuno n'kumanong'onezana kuti wafanana ndi ndani. Ngati zinthu sizidzandiyendera bwino mu Seputembala, musadzavutike ndi za maliro, adzaika okha. Mudzangobwera kudzatenga mwanayu, akakulire kwanu.

Ndine mng'ono wanu,
Iness